Khutu la Wakwaya

Wakwaya, mphunzitsi wa kwaya, sankadziwa kuti kufuna banja kungamuimike padoko m'mawa wa Loweruka, magalasi oonera patali ali m'manja. Koma bambo a Namwino, mtsikana amene mtima wake unagwera, anali munthu wa mbalame. Chipumireni pantchito, ankakhala pakhoma la doko n'kumalemba m'kabuku mbalame za kunyanja yamchere.

"Ukufuna mwana wanga, eti?" anatero mkuluyo. "Ine ndili ndi mapasa, Namwino ndi Telala. Anyamata awiri anapereka kale maluwa kwa wolakwika. Sindipereka mwana kwa munthu wosaona. Yamba ndi izi."

Madzi a m'nyanja anali atabwerera m'mbuyo, ndipo pamatope panali mbuu mbalame zoyera za misana yotuwa.

"Pali mitundu iwiri, ya miyendo yofiira ndi ya miyendo yachikasu. Yaima patayalayo ndi iti?"

Wakwaya anasuzumira m'magalasi. Miyendo yonse inali bii ndi matope.

"Yofiira, bambo."

"Yachikasu. Nanga iyo yabulauni?"

"Mtundu wachitatu?"

"Ndi kamwana ka yofiira, nthenga sizinayere."

"Koma yagona apoyo ndaidziwa, ndi yachikasu!"

"Ilo ndi pepala la pulasitiki, mwanawe."

Thukuta kamukamu. "Ambuye," anapemphera Wakwaya chamumtima, "Inu amene munalenga zouluka tsiku lachisanu, utoto unali utakutherani kodi?" Anatsinzina kuti anene ameni, ndipo pamenepo khutu lake, lomwe linazolowera kugwira mawu osokera m'kwaya ya anthu makumi anayi, linayamba ntchito lokha. Mbalame zina zinkalira mokweza, kwiii, zina mozama ngati madoda a mzere wakumbuyo.

Asanatsegule pakamwa, mapasa aja anatulukira. Madiresi ofanana osokedwa ndi Telala yemwe, nsapato zofanana, aliyense banzi m'dzanja, milomo atatseka kuti psii.

"Ndawaletsa kuyankhula," anatero bambo awo. "Mwayi ndi umodzi. Sankha."

Wakwaya anayang'ana uyu, n'kuyang'ana uyo. Ngakhale kadontho ka pachibwano kanali konse kuwiri; mmodzi anali atachita kujambula.

Ndiye chimbalame china chinatsika ngati chatumidwa, n'kutsomphola banzi la wakumanzere. Zinzake zinakhamukira kwa wakumanja. Atsikana anakuwa, kenaka kuseka chikhakhali, akudzitchinga ndi zikwama.

Wakwaya anatsinzinanso. Kuseka kwina kunkakwera m'mwamba ngati belu. Kwinaku kunkayenda pansipansi n'kuthera ndi kantchikwi, komwe kaja kamene kanamusokonezera nyimbo zaka zitatu pamzere wa aluto. Anayenda chotsinzina, anapunthwa pachingwe cha bwato, n'kugwira dzanja la wakumanja.

"Aluto wanga ndi uyu!"

"Iwe, ukanagwera m'madzi!" anatero Namwino, misozi ya chiseko ili mbwembwembwe.

"Alamu, mwandikana ine ndi diresi langa lomwe?" anakuwa Telala. "Ndiye mundigulire banzi lina!"

"Aleluya!" Wakwaya anavina pakhomapo mpaka magalasi kumumenya pachifuwa. "Bambo, ndipo yapatayala ija imaimba besi. Zofiira ndi zasopulano!"

Mkuluyo anayang'ana mbalame, anayang'ana kabuku kake, nakanda kumutu.

"Mtsikana tenga, mkamwini," anatero akumupatsa pensulo. "Koma usathawe. Tsinzinanso undiwerengere za besizo. Zikalowa m'matope, inenso ndimangolemba mwa chikhulupiriro."