Muluzi wa Bwana Edimandi

Ife a ku Uraha azungu ofuna mafupa sitiwadabwa. Akhala akukumba mapiri athu kufuna zibwano za anthu akalekale. Koma amene anabwera kwathu chaka chatha ankafuna mafupa okhala ndi dzina, ndipo mafupawo anali m'nthochi kuseri kwa nyumba ya adada.

Dzina lake anali Carol. Ine Febby, poti ndimaphunzitsa kupulayimale, ndinakhala womasulira. Anayala pamphasa chipepala chachitali cha mbiri ya banja lawo ku Mangalande: uyu anali nduna, uyu phungu, uyu anakwatira mwana wa nduna. Maudindo okhaokha, mpaka kunyansa. Kenaka analoza dzina la Edimandi, amene anafera kuno ndi malungo mu 1938. Anati bambo ake, omwe Edimandi anali bambo awo aang'ono, akudwala ndipo sakupeza mtendere. Amaona Edimandiyo ataima pakhomo, mapazi ali matope. M'kachisi wa banja lawo, momwe amaikamo akufa awo, malo a Edimandi akadali opanda munthu, tsono anatumidwa kudzamutenga.

Ndinayang'ana pansi pa dzinalo. Ena onse anali ndi mizere yotsikira kwa ana awo. Pa Edimandi panali pambalambanda. Mtima unandiwawa, chifukwa mwana wake anali pomwepo pampando wa nsungwi: adada anga, a Ambokile, a zaka 86, amene anabadwa bambo awo atangoikidwa kumene.

Adada anayang'ana kumunda. Linali dzuwa la paliwombo, ng'ombe zitalowerera m'chinangwa, ndiye anangoziimbira muluzi wawo wa masiku onse, wokwera kawiri n'kutsika kamodzi. Carol anagwetsa cholembera. Anati umenewo ndi muluzi woitanira agalu kwawo, ndipo sanaumvepo pakamwa pa munthu wa banja lina. Adada anauphunzira kwa amayi awo. Ife timaumvanso m'nthochimo masana, popanda woimba, ndipo tinazolowera.

Tinapita naye kumandako. Agogo, amayi a adada, anaikidwa pambali pa mzungu wawoyo, ndipo chivomezi cha 2009 chinagumula manda awiriwo n'kukhala dzenje limodzi.

"Muuze akumbe," anatero adada. "Koma asankhe yekha kuti a adada ndi ati, a amama ndi ati."

Ndinamasulira liwu ndi liwu, osachotsa kanthu. Carol anakhala pansi padothi n'kulira. Sanakumbe. Pochoka anafunsa dzina la adada ndi chaka chobadwa, koma anati sangalembe yekha papepalalo, mpaka akulu a banja atakambirana. Ndinapsa mtima. Munthu kukhala mwana wa bambo ake mpaka komiti?

Adada ndiye ayi, anadikira. Munthu amene moyo wake wonse sanafunsepo za ku Mangalande anayamba kundituma kupositi ya ku Uliwa sabata iliyonse kukaona ngati kwabwera kalata. Ndinkabwerako chimanjamanja, iwo n'kungoti mwina mawa.

Anamwalira mu Juni, tinawaika m'nthochi momwemo. Patatha sabata zitatu, chipepala chija chinafika. Pansi pa Edimandi panali mzere watsopano, dzina la adada, 1938, ndi kampata koyembekezera chaka chomwalira.

Ndinalemba ndekha chakacho, ndi cholembera chofiira chochongera mayeso. Ndili mkati molemba, muluzi unalira kunthochi, ndipo wina anauyankha.