Dzanja la Mai Getrude

Foni inali itatsamira pa mtondo, mai Getrude akutong'ola chimanga, maso ali pa kagalasi. Mphunzitsi wa m'fonimo, mzungu wa tsitsi ngati ndevu za chimanga, anakweza kapu nanena pang'onopang'ono: "Die Tasse."

"Di tase," anabwereza mai Getrude.

"Mukuchezabe ndi mnzanu wa m'galasiyo?" anaseka Rahema, mnansi wawo wogulitsa usipa, akutula dengu.

"Khalani pansi mumve zodabwitsa, asisi. Kwa anzathuwa kapu ndi yaikazi, tebulo ndi lalimuna. Mtsikana ndiye alibe mbali."

"Ha! Ndiye tebulo lingafunsire kapu mbeta?"

Priscilla, mwana mmodzi yekhayo wa mai Getrude, anapita ku Jeremani zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo kukasamalira okalamba, ndipo kumeneko anakwatiwa ndi Lukas. Loweruka lotsatira ankabwera naye ku Mtakataka koyamba. N'chifukwa chake mayiwa anapita ku Golomoti, kwa oika nyimbo m'mafoni, kukaikitsa mavidiyo a Chijeremani. Chiyambire tsikulo, thupi linkakhala pakhonde koma mtima uli kutali. Akamatunga madzi ankaona chisanu chikugwa ngati thonje, sitima zikufika pa ola lake lenileni, Priscilla akuyenda mumsewu woyera atavala chikhoti, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi. Kawiri konse ndowa inasefukira iwo ali chiimire.

Koma phunziro lachisanu ndi chitatu ndi limene linawasowetsa mtendere. Mphunzitsi uja anati kwawoko mlendo umam'patsa dzanja, kuligwira zolimba, n'kumuyang'ana m'maso. Wothawitsa maso ndiye kuti sakukufuna.

"Mkamwini m'maso? Inu apongozi ake?" Rahema anagwira pakamwa. "Mudzi wonse udzati mutu wa a Getrude wazungulira."

Nanga iwo sankadziwa? Malemu amuna awo anatha zaka zingapo akupatukira kutchire akangoona apongozi awo akubwera m'njira. Ulemu wake ndi umenewo. Koma mai Getrude anali ndi mantha enieni. Lukas akadzaona nkhope yotembenukira kumbali adzati sakufunidwa, ndipo Priscilla adzapita naye osabweranso.

"Aseke amene akufuna kuseka," anatero. "Ine ndikufuna mwana wanga azibwera."

Sabata yonseyo anayeserera. Anagwira chanza mpini wa khasu. Anayang'anitsitsa mbuzi m'maso mpaka mbuziyo inachita manyazi n'kuchoka.

Loweruka masana galimoto inaima pansi pa mlambe, amayi a m'mudzi atasonkhana kale. Priscilla anatsika akuthamanga, mayi ndi mwana anakumbatirana, analira, anaseka. Kenako kunatsika chimunthu chachitali, khosi litafiira ndi dzuwa. Mai Getrude anapukuta dzanja pachitenje. Anayenda, dzanja patsogolo, maso ali tong'o.

"Herzlich willkommen," anatero pomulandira m'Chijeremani, mawu aliwonse atakhala pamalo pake.

Abale inu! Lukas atangowaona anapatuka msangamsanga, anakalowa kuseri kwa nkhokwe, ananjuta m'chisoso, nkhope ataloza kuphiri. Anaomba m'manja katatu.

"Muli bwanji, amayi?" anatero ali komweko.

Dzanja la mai Getrude linatsala m'malere. Amayi aja anaphulika ndi phwete, Rahema mpaka anakhala pansi atagwira nthiti. Koma mai Getrude sanaseke. Misozi inalengeza m'maso, mtima unawawa kwambiri.

"Priscilla, ndalakwa pati? Wandithawa bwanji? Sakundifuna?"

"Amayi inu!" Priscilla anawagwira paphewa. "Mwezi wathunthu ndakhala ndikumuphunzitsa zimenezi. Amayeserera kuseri kwa firiji. Ankaopa kuti akangokuyang'anani mumuona ngati wopanda mwambo, mundiuze kuti ndisabwere nayenso."

Mai Getrude anayang'ana dzanja lawo, anayang'ana mkamwini uja, chisoso chitadzaza thalauza, thukuta lili kamukamu, sakuyerekeza n'komwe kutembenuka. Ndiye kuti nayenso, m'dziko lachisanu lija, ankasowa tulo ndi mantha omwewo.

Mai Getrude anatembenuka. Anapita kukhola, anagwira tambala wawo wofiira, anam'manga miyendo ndi luzi n'kum'pereka kwa Priscilla.

"Kam'patse. Umuuze kuti kuopana kwatha lero. Abwere."

Rahema anayambitsa nthungululu. Lukas anatuluka kuseri kwa nkhokwe, tambala ali m'khwapa akulira, natambasula dzanja mwamantha. Mai Getrude analigwira zolimba monga mwa phunziro lachisanu ndi chitatu, nakweza nkhope. Maso a mkamwiniyo anali ngati thambo la mwezi wa Juni.

"Priscilla, tamufunse. Chisanu chija chimagwadi ngati thonje?"

Lukas anayankha zazitali, Priscilla akuseka. "Akuti n'zovuta kufotokoza tsiku limodzi. Azibwera chaka chilichonse kudzakuuzani pang'onopang'ono."

Mai Getrude sanathe kupirira nthawi yaitali. Manyazi a makolo anawagwira, maso anatsikira pansi, n'kukaima pa chisoso cha pathalauza chija. Koma dzanjalo sanalisiye.