Komishonala Agwira Khasu

Mayi Edina anamwalira Lachiwiri m'mawa, koma pofika Lachinayi masana manda awo anali asanayambe kukumbidwa. Unali mwezi wa Okutobala. Amayi okhala m'siwa anayamba kusunthira kukhomo, nsonga za zitenje zili kumphuno.

Amuna awo, a Fanuel Msulira, ankadziwika kuchokera ku Mitundu mpaka ku Nathenje. Anayamba upolisi akuimitsa njinga za makala pamsewu. Anakwera msanga chifukwa dzanja lawo linali lolemera: munthu amene wakana mlandu sabata yathunthu, kwa iwo ankavomera tsiku lomwelo. Anakhala mkulu wa siteshoni, boma linawatumiza ku Thailand kukaphunzira, anabwerako n'kuwonjezeredwa nyenyezi pamapewa, mpaka anapuma ntchito ali komishonala. Zaka zonsezo sanakhalepo pamaliro a m'mudzi ngakhale amodzi. Ankangotumiza dalaivala ndi mapaketi awiri a shuga.

Kuno manda sakumba aganyu. Amakumba adzukulu, amuna a m'mudzi momwemo, ulere, podziwa kuti nawonso adzakumbiridwa. A Msulira zimenezi anaziyesa zachabe. Adzukulu atakana, iwo anaimba foni, ndipo Lachitatu kunabwera apolisi anayi ndi mapiki. Anapeza adzukulu atakhala panjira yolowera kumanda. Apolisiwo nawo anali ana a kumudzi, ankadziwa kuti mlendo satema nthaka m'manda a eni. Anapepesa, n'kukwera galimoto yawo.

Tsono Lachinayi a Msulira anapita okha, atavala yunifolomu yakale ndi mamendulo, mwana wawo Martina akuwatsatira.

"Mkulu wanu ndani pano?"

"Ndine, bwana," anayankha Alick, mkulu wa adzukulu. Sanadzuke pomwe anakhala.

"Mukufuna chiyani? Mbuzi? Nenani msanga."

"Mbuzi tili nazo, bwana. Tikufuna Yohane."

"Yohane uti?"

"Achimwene anga. Anali tenanti ku esiteti ya fodya cha ku Diamphwe. Anawanamizira kuti aba belo. Anawabweretsa kusiteshoni kwanu, inu muli mkulu. Amayi anabwera katatu ndi chakudya, katatu konse munawauza kuti anathawa. Munthu wothawa amasiya nsapato ndi malaya a magazi? Tiuzeni pomwe munawakwirira basi. Mukanena, dzuwa lisanapendeke manda atha."

Martina anagwada pafumbi.

"Achimwene, chonde. Amayi sanalakwe. Chaka cha njala chija ankakugawirani chimanga."

"Zoona, achemwali, anali munthu wabwino. Nanga amayi anga analakwa chiyani? Anafa akuyang'anabe kunjira."

A Msulira anapukuta thukuta. Ankaoneka kuti akuyesetsadi kukumbukira.

"Anali wamtali, wa chipsera pachipumi?"

"Ameneyo ndi mlamu wanga wa ku Malingunde!" anakuwa bambo wina kumbuyo.

"Kapena uja wachibwibwi?"

Winanso anakuwa: "Mwana wa azakhali anga ameneyo. Pitirizani, bwana, muwatchule onse!"

Panalibe woseka. A Msulira anayang'ana pansi, anayang'ana mwana wawo, kenako ananena motsitsa mawu.

"Sindikumukumbukira, mwanawe. Analipo ambiri."

Alick anawayang'anitsitsa. Akanakhala kuti amunamiza, kumutchulira dambo lililonse, mwina akanakhulupirira. Anadzuka, anatenga khasu ndi fosholo n'kuziponya pamapazi pa komishonala.

"Malo ndi awo, pafupi ndi apongozi anu. Manda ndi anu, sitikuletsani."

Munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zisanu ndi ziwiri, wa matenda a shuga, anavula jekete n'kuyamba kutema. Nthaka inali gwa ngati njerwa yootcha. Matuza anaphulika, mpini unafiira. Martina atafuna kugwira fosholo, amayi ena anamukoka: mkazi sakumba manda. Adzukulu anangokhala pamthunzi.

"Onjezani mphamvu, bwana! Paja dzanja lanu limadziwa kumenya!"

Anagwa kawiri. Kachitatu anadzuka chokwawa. Dzenje litafika m'chiuno, anati basi, latha.

Palibe anawauza kuti mdzukulu asanateme nthaka amayamba wayeza bokosi ndi bango. Bokosi linali la mutauni, lalitali, la zogwirira zonyezimira. Achibale atalitsitsa, kumiyendo kunalowa, kumutu kunakakamira pakhoma la dzenje. Anayesa kulitembenuza, linakana. Anayesa kulikweza, chingwe chinapanikizika. Fungo linabalalitsa oimba kwaya, abusa anafupikitsa pemphero.

A Msulira anatembenukira kwa Alick.

"Achimwene, ndithandizeni."

Aka kanali koyamba kutchula munthu wa m'mudzimo choncho.

"Mwakumbukira?"

"Ayi."

"Kwirirani."

Anakwirira lili chopendekeka. Kumutu dothi linangokwana chikhatho chimodzi. Anthu atabalalika, Martina anatsala akutola miyala n'kumaunjika pamenepo kuti agalu asafukule, bambo ake atakhala pansi, manja ali m'mwamba chifukwa samatha kuwapinda.