Ayisi wa Apongozi

Tsikuli Lonjezo anali ataliwonera kale m'maganizo kambirimbiri, uku akucheka mitengo ya labala ku esiteti. M'malotomo kunkawomba kamphepo kayaziyazi, a Manda ali patsogolo ndi suti yawo ya ku Joni, mawu akutsika m'kamwa mwawo ngati uchi, abale a Lusizi akungogwedeza mitu. Mutu waching'alang'ala sunalimo m'malotomo.

A Aaron Manda ndiwo anali thenga wake, munthu wokamunenera kwa eni mtsikana. Lonjezo anali mwana wa ku Thyolo wokulira m'malaini a esiteti, ndipo kuno kwa Atonga analibe wina womuyankhulira. Nkhaniyo inayenera kukambidwa Loweruka lomwelo, chifukwa malume ake a Lusizi, a Nathan Mhone, ankakwera basi ya ku Joni m'mawa mwake. Bambo ake a mtsikanayo anamwalira kale, ndiye popanda mawu a malume panalibe ukwati. Komanso munthu wa ku Joni akati "tibweranso posachedwa", mwana wobadwa tsiku limenelo amadzamulandira akuthamanga yekha.

Atafika ku Bandawe anatsamiritsa njinga pamtengo wa mango, nakonza kolala ya shati yake yoyera.

"Odi ada!"

Anatuluka ndi anyaLongwe, akazi awo a Manda, chala chili pamlomo. "Iwe, ukufuna kutiphera munthu? Wayambanso mutu uja."

M'nyumba munali mdima, mawindo atatchingidwa ndi zitenje. Suti inali lende pamsomali, mwini wake ali gone pamphasa.

"Mwana wanga," anatero a Manda ndi mawu a munthu wotsanzika, "muli munthu m'mutu muno, mbali ya kumanzere, akusema bwato. Ndikangowona kuwala amasintha nkhwangwa, amatenga yaikulu."

"Koma ada, a Mhone akunyamuka mawa."

"Usakuwe."

"Sindinakuwe, ada."

"Ndiye usapume mokweza."

Kumutu kwa wodwalayo kunali madokotala awiri. AnyaLongwe anali ndi beseni la madzi otentha ndi thawulo. Mbali inayo kunali a Dorothy, mlongo wawo wa a Manda, amene anayalapo mabedi ku loji ina ku Kande, ndipo kuyambira pamenepo ankadziwa matenda onse a azungu. Azimayi awiriwa anali asanagwirizanepo kanthu chikwatiwire anyaLongwe.

"Mutu uwu umafuna zozizira pachipumi," anatero a Dorothy. "Azungu amatero."

"Azungu anuwo anakwatiwa ndi a Manda? Ine mutu uwu ndakhala nawo kuyambira ndili mtsikana. Umafuna kuthowa ndi madzi otentha basi."

"N'chifukwa chaketu sunasamuke, mlamu. Mumaufunditsa."

A Manda, pokhala mkulu wa mpingo wozolowera kuweruza milandu popanda kukhumudwitsa opereka chakhumi, anagamula kuti zotentha zipite m'khosi, zozizira pachipumi. "Koma akhale ayisi weniweni," anawonjezera. "Ku Joni ankandiika ayisi."

Lonjezo anali atakwera kale njinga. Tsoka lake, magetsi anali atathima kuyambira dzana. Pa Chintheche mafiliji onse anali ngati makabati, mafirizi atasanduka madzi a shuga. Wagolosale wina anamumvera chisoni. "Ayisi ali ndi munthu mmodzi pano. AnyaMhone, amawoda ku Mzuzu wosungira nsomba zawo."

AnyaMhone anali amayi ake a Lusizi. Mwambo wake, thenga asanayankhule, mnyamata saonekera pamaso pa apongozi, ndipo apongoziwo samudziwa, ngakhale atamuwona kangati akuzembera kumpanda. Koma dzuwa linali litakwera, ndipo Lonjezo ndi kudikira sankamwerana madzi.

Anawapeza pansi pa chisakasa, nsomba za batala zili ndandanda pathebulo. Atangomuwona, mayiwo anatembenuka, namupatsa msana, nayamba kuyankhula ndi bokosi la nsomba.

"Bokosi iwe, pali munthu waima apa, ine sindikumudziwa. Mfunse akufunanji."

Lonjezo anagwada, nayang'ana bokosilo mwaulemu. "Bokosi, auzeni amayi kuti kuli wodwala mutu, akufuna ayisi pang'ono."

"Mfunse, wodwalayo ndi yemwe ndamuphera nkhuku kunyumba kuja?"

"Ndi yemweyo, bokosi."

"Nkhuku yanga yoikira mazira!" Anatola chikwanje, nagamphula chibuluma cha ayisi, nachikulunga m'chitenje. "Umuuze asamuike pakhungu wopanda nsalu, amawotcha ameneyu. Ndipo chitenjecho ndichifuna."

Ayisiyo ananyamuka ali ngati dzungu, anafika ali ngati papaya wamng'ono. Wotsalayo anathera pa shati yoyera ija, pamodzi ndi fungo la batala yense amene anagonapo m'bokosi muja. Ntchentche za pa Chintheche zinamuperekeza mpaka pakhomo.

Anagwada kumutu kwa a Manda, nawaika chitenjecho pachipumi. Chimene sanadziwe n'chakuti a Dorothy atatuluka kukataya madzi, anyaLongwe anapezerapo mpata wothowa mutu wonse, osati khosi lokha. Ndipo a Manda anali atapaka dayi wakuda m'tsitsi dzulo lake, kukonzekera ulendowu.

Patapita nthawi wodwala anapuma mozama. "Wosema bwato uja waika nkhwangwa pansi."

"Madzi otentha amenewo," anatero anyaLongwe.

"Ayisi ameneyo," anatero a Dorothy.

Lonjezo sanadikire chigamulo. Anadumpha, nachotsa suti pamsomali, nakoka chitenje cha pawindo. Kuwala kutalowa, maso onse anagwera pa a Manda. Dayi yense anali atatsika m'mutu n'kukamanga misasa kumaso: mizere yakuda kuyambira pachipumi mpaka kuchibwano, ngati mbidzi, pomwe tsitsi linali mbuu ngati phulusa. Anayesa sopo, anayesa mandimu, mizereyo inangofalikira.

A Manda anadziyang'ana pagalasi nthawi yaitali. "Sindipita."

"Ada, mungovala chipewa."

"Chipewa chimavalidwa kumaso? Mhone tinali naye ku Joni. Munthu amene uja amasita ndi kampango kopukutira thukuta komwe. Andiwone chonchi, ndikununkha ngati gombe?"

"Koma mutu wasiya, ada."

"Mutu ndi wa Mulungu, nkhope ndi yanga. Tidikire adzabwerenso."

Lonjezo anakhala pansi ndi suti m'manja. M'maganizo anamuwona Lusizi akudikira chaka ndi chaka, kenako anawona mwana wa mwini mabwato wina wa kugombe, amene amayenda ndi njinga yamoto, akuima pakhomo pawo. Anafuna kulira, koma analibe mphamvu yoyankha funso loti misozi imafuna zotentha kapena zozizira.

"Odi kuno!"

Anasuzumira pawindo. Panja panali anyaMhone, pambali pawo mwamuna wa suti yotuwa ndi nsapato zonyezimira, kumbuyo Lusizi atasenza poto wa nkhuku ija.

"Tamva kuli matenda," anafuula anyaMhone. "Tabwera kudzazonda. Ndi kudzatenga chitenje changa."

Wozonda matenda sabwezedwa. A Manda anagwera pamphasa ngati kamnyamata, nadzifunditsa chitenje cha ayisi kumaso konse, kungotsala pakamwa. "Tchinga windo! Iwe gwira apa. Chikangotsetsereka, ukwati wako watsetsereka nacho."

Alendo analowa, nakhala. A Mhone anapepesa za matenda. Ndipo pansi pa chitenje, mumdima, thenga anayamba ntchito yake, poti munthu wodwala akapempha kanthu sadulidwa mawu. A Manda anaudziwa mwayi umenewu. Anayambira pa kubwera kwa amishoni ku Bandawe. Anadutsa pa agogo awo, anakwera sitima ya ku Joni, anatsikira pa mitengo ya suti masiku ano. AnyaLongwe ankasintha thawulo la m'khosi, a Dorothy akuwayang'ana ndi diso la nkhwezule.

Zala za Lonjezo zinayamba kuwawa, kenako kuyaka, kenako zinasiya kukhala zake. Madzi a nsomba ankayenderera m'mikono mpaka m'khwapa. Mawondo anachita dzanzi. Ntchentche inatera pamphuno pake n'kukhazikika ngati yalipira malo. Akati asunthe, chitenje chinkayamba kutsetsereka, iye n'kukanikizanso. Kunja ankamva Lusizi akuseka ndi winawake, koma sanatembenuke.

Ayisi atatsala ngati dzira, a Manda anafika pa nkhani. "Ndiye pali mwana wina, wawona duwa pakhomo panu."

"Mwanayo ali kuti?" anafunsa a Mhone.

"Ndi uyu wandigwirira mutuyu."

A Mhone anamuyang'ana Lonjezo kuyambira ku shati yonyowa mpaka kumawondo. "Ndinamva kuti ndi waphuma. Koma ine mawu a Manda ndawapirira movutika, chikhalirecho ndili pampando, manja ali m'thumba. Uyu ali chogwada, wagwira ayisi, sanadandaule. Tamuwona, tamulandira. Zotsalazo mudzakambe ndi mlongo wangayu."

AnyaMhone anatembenuka, namuyang'ana Lonjezo kumaso koyamba, ngati munthu wongotsika basi. "Kodi ndi ameneyu? Yewu, timuwoneni," anamulonjera m'Chitonga.

Potuluka, a Mhone anaima pakhomo, nasisita tsitsi lawo lakuda bii. "A Manda, ndikamadzabwera ndidzakutengerani dayi wa ku Joni. Ameneyo sasuluka."

Lonjezo anatuluka manja ali patsogolo ngati wanyamula mwana wosaoneka. Nthawi yomweyo madokotala awiri aja anayamba kukangana ngati zalazo zikufuna madzi otentha kapena zingosiyidwa. Iye anazembera kuseri kwa khitchini, kumene Lusizi ankapakula nkhuku. Anali atakonza mawu sabata yonse, okhudza mwezi, nyenyezi ndi mtima wake, koma atatsegula pakamwa mano okha ndiwo anagundana.

Lusizi anasuzumira uku ndi uku, natenga manja ozizirawo, nawafumbata m'manja mwake, ofunda ndi poto. Kenako anakwinya mphuno.

"Iii, a Lonjezo," anatero. "Mwayamba kale kununkha kwathu."