Dzanja la M'ngalawa

Chaka chimene a mfuti a m'tchire anayamba kutsika m'mapiri n'kumafunsa nyumba za apulofesolo, ndiwo aphunzitsi, ndi masekeretariyo a chipani, a Celestino anasiya choko pa sikola ya kumunsi kwa Fonte Boa n'kusowa. Anthu ankati athawira ku Malawi. Mkazi wawo Efigénia ankavomera zomwezo kwa aliyense womufunsa, ngakhale kwa ana ake awiri, Isabel ndi Pascoal. Koma iye ankadziwa kumene anali.

Kuseri kwa phiri kunali damu lalikulu la Mpwitikizi wina amene anachoka dziko litangolandira ufulu. Mzunguyo anasiya kangalawa ka thanga kamene ankayendamo ndi ana ake Lamulungu likakwana. Kanali ndi mlongoti umodzi ndi kachipinda kutsogolo kamene munthu ankalowa chokwawa. Kanaima pa nangula chakutsidya, kuseri kwa bango, pomwe munthu ali kumtunda sakanakaona. Anthu sankafikako kudamuko chimirireni abusa awiri a ng'ombe. A Celestino anabisala m'menemo.

Kuti afike pangalawapo, Efigénia ankakwera kabwato kamatabwa, kophwatalala pansi, komata phula, kamene ankakabisa m'tsekera. Iye anali mwana wa m'mapiri, wa ku Lifidzi, ndipo madzi ankawadziwira mumtsuko basi. Masiku oyamba kabwatoko kankangozungulira pamodzimodzi iye akulira ndi nkhafi m'manja. Anaphunzira yekha. M'mawa uliwonse, nkhungu isanachoke pamadzi, ankapalasa ndi dengu la batata yophika, nyemba ndi chimanga chokazinga. A Celestino ankawerama pamphepete pa ngalawa, kulandira dengulo, n'kumubwezera la dzulo.

"Musakwere, amake Isabel," ankatero nthawi zonse. "Kangalawaka n'kopepuka, kangatipidigulire tonse."

Iye sankatsutsa. Sankatha kusambira, ndipo mphepete mwa ngalawayo munkamufika m'chifuwa akaimirira.

"Mawa muwonjezereko," anatero a Celestino tsiku lina. "Kuzizira kwa pamadzi kumamudya munthu m'mimba."

Efigénia anawonjezera. Anachepetsa m'mbale za ana, ndipo iye mwini masiku ambiri ankagonera nkhwani wopanda kanthu. Pascoal akadandaula, ankamuuza kuti nkhokwe yalowa makoswe.

A mfuti aja anafikadi pakhomo pake masana ena. Anamukhazika padzuwa n'kumufunsa kumene kunali pulofesolo. Iye anati Malawi. Anamufunsanso, iye anati Malawi. Wina anamumenya ndi tsinde la mfuti pakamwa, dzino lakutsogolo n'kugwera m'fumbi. Anatenga mbuzi ziwiri n'kupita. M'mawa mwake Efigénia anapalasabe, milomo ili ndundundu, ndipo a Celestino ataona anagwetsa misozi n'kumutcha mkazi wa akazi.

Madzulo ambiri Efigénia ankapita kwa a Sesilia, mayi wamasiye wa kumtunda kwa mudzi. Mwana wawo wamkazi Marcelina, mtsikana wa zaka makumi awiri, anasowa sabata imene a mfuti anatentha kantini ya pamsewu, ndipo aliyense anati amutenga. Efigénia ndiye anamuimirira Marcelina pa ulimbitso, choncho mtsikanayo ankamutchula kuti madrinya, ndipo a Sesilia ankamutchula kuti komadre. Amayi awiriwo ankakhala pamphasa n'kupemphera korona, a Sesilia atafumbata mpango wa mwana wawo.

"Akanangondiuza kumene anamutaya," ankatero a Sesilia, "ndikanakakwirirako ndekha ndi manja angawa."

Chisanu chitafika pachimake, kunacha m'mawa wa mphepo. Madzi a damu anali akuda, ndipo timafunde tinkamenya kabwato mwaukali. Efigénia anaganiza zobwerera, koma anakumbukira kuti munthu wake alibe chilichonse chodya. Ali pakati anamva kuzizira kumapazi. Phula linali litasomphoka pakati pa matabwa awiri ndipo madzi ankalowa ngati pa kasupe. Anayesa kukapa ndi chikho, koma akasiya nkhafi mphepo inkamutembenuza. Anasiya chikho n'kupalasa ndi mphamvu zake zonse. Pamene ankakhota kuseri kwa bango, madzi anali atamufika m'akakolo, dengu likuyandama.

"Bambo a Isabel! Ndigwireni, bwato likumira!"

A Celestino anadzuka pansi pa thanga limene ankafunda. Analandira chingwe cha kabwato n'kuchimanga, koma dzanja sanatambasule.

"Kapani madziwo, amake Isabel. Kapani msanga, mubwerere. Si ambiri."

"Ndikwere kaye!"

"Ndati musakwere!"

Efigénia anawayang'ana osamvetsa. Funde lina linakhuthukira m'kabwato, ndipo iye sanadikirenso chilolezo cha munthu. Anaimirira n'kugwira waya wokoka mlongoti. Wayayo anamucheka m'zikhato. Anaponda pathabwa lokhalira n'kudzikweza, koma pomwe ankakankha ndi phazi, kabwato kanaterereka n'kuchoka pansi pake. Anatsala ali lende, chifuwa pamphepete pa ngalawa, miyendo m'madzi ozizira ngati mpeni. Kapulana yonyowa imene anamanga m'chiuno inamukulunga m'maondo. Ngalawa inapendekera kwa iye, mlongoti n'kuwerama pamwamba pake. Anayesa kuponya bondo m'mwamba, bondolo linangokhula thabwa n'kubwerera m'madzi. Zala zinayamba kumasuka pawaya.

A Celestino anali ataima pakhomo pa kachipinda kaja, atapatsira msana chitseko chake, akuyang'ana uku ndi uku.

Chitsekocho chinakankhidwa kuchokera m'kati mpaka iwo anadzandira. Munthu anatuluka chokwawa, anagwira Efigénia pamkono ndi dzanja limodzi, lina m'chiuno mwa kapulana, n'kukoka. Efigénia anagwera m'kati chafufumimba, pakati pa zingwe ndi makoko a batata. Anakhosomola, anapukuta madzi m'maso, ndipo anaona kuti dzanja lomwe linali litamugwirabe linali la mkazi.

"Madrinya," anatero Marcelina.

Anali atayezuka chifukwa chosaona dzuwa, tsitsi litapotana. Anavala juzi yofiirira imene Efigénia analukira mwamuna wake, ndipo juziyo inali itakungika pamimba.

Thanga linkakupiza pansi. Efigénia anasuzumira m'kachipindamo. Munali bulangeti la paukwati wake, limene anabweretsa yekha atalichotsa pa ana.

"Amake Isabel," anayamba a Celestino, "mtima pansi. Mwanayu ndinamupulumutsa. Akanamutenga anthu aja."

"Munamupulumutsa."

"Ndimafuna kukuuzani, koma ndinaona kuti nthawi yake ndi yoipa."

"Mimbayo ndi ya miyezi ingati, Marcelina?"

Mtsikanayo anawerama. "Inayamba tisanabwere kuno, madrinya."

Efigénia anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anapisa lilime pamene panali dzino.

"Nanga tsiku lija ndinabwera pakamwa potupa, iwe unali m'katimu?"

"Ndinali m'katimu."

"Unamva zonse?"

"Ndinamva." Marcelina anayamba kulira. "Ndinafuna kutuluka, iwo anati mukandiona mukawaulula kwa a mfuti."

Pamenepo Efigénia anatembenukira kwa mwamuna wake. Mawu ake sanakwere.

"Za mimbazi, azimayi anzanga zinawaonekera, ine sindine woyamba. Za chakudya cha ana anga, Mulungu ndiye adzawerenge. Koma inu, bambo a Isabel, munaima apo n'kumandiyang'ana ndikumira. Munasankha kuti ndimire kusiyana ndi kuti ndione."

"Ndinasokonezeka mutu. Ndikanakugwirani."

"Liti?"

A Celestino anawerama n'kutola thanga lija.

Efigénia anakoka chingwe mpaka kabwato kanagunda pangalawa. Kanali kodzaza theka koma kosamira. Anatenga poto wa a Celestino n'kuyamba kukapa atawerama, ndipo Marcelina anatenga chikho n'kumuthandiza osauzidwa. Madzi atachepa, Efigénia anang'amba mphepete mwa kapulana yake n'kutsendera nsanzayo mumng'alu ndi mpeni.

"Tsika," anauza mtsikanayo. "Amako akulira maliro ako."

"Simungamutenge," anatero a Celestino. "Anthu akamuona afunsa kumene anali. Mundiphetsa."

"Marcelina, ukutsala kapena ukupita?"

Marcelina sanawayang'ane a Celestino. Anakhala pamphepete, anatsitsa mwendo umodzi, ndipo Efigénia anamugwira mpaka atakhazikika pakati pa kabwato. Kenako anatsika iye, chafutambuyo, atagwira waya uja ndi zikhato zotuluka magazi. Anamasula chingwe. A Celestino anaitana dzina lake lenileni, limene anali asanalitchule chibadwire Isabel, koma anaitana monong'ona, poopa kuti angamveke kumtunda.

Ulendo wonse mmodzi ankapalasa, wina akukapa.

A Sesilia anali akusenda nyemba pakhonde pamene anaona anthu awiri onyowa akulowa pabwalo. Lichero linagwa. Anamugwira mwana wawo kumaso, m'mapewa, m'manja, akufuula mayina a oyera mtima, mpaka manjawo anafika pamimba n'kuima. Anayang'ana juzi ija, anayang'ananso Efigénia.

"Komadre," anatero a Sesilia, "inu mumadziwa?"

"Ndadziwa lero. Akafunsa anthu, munene kuti wathawa kwa a mfuti. Mubise juziyo."

Kuchoka apo Efigénia anapita kwa a Caetano, akulu awo a Celestino, amene anawapeza akukumba batata kudimba. Anagwada patali monga mwa ulemu wa mlamu, n'kuwauza kumene kunali mng'ono wawo, pamene kabwato kanabisidwa, ndi thabwa lofunika phula. Za Marcelina anati akamve kwa mwini wake.

"Nanga inu, alamu?" anafunsa a Caetano.

"Ine ndatopa ndi madzi."

Sabata yomweyo anamanga katundu, anabereka Pascoal ngakhale anali wamkulu woti n'kuyenda yekha, ndipo anatsata anthu ena odutsa njira za m'mapiri kupyola Domwe mpaka kumsasa wa othawa nkhondo kufupi ndi Dedza. Ana atafunsa ngati akawapeza bambo awo ku Malawiko, anawauza kuti Malawi ndi wamkulu.

A Celestino anatulukira kumsasako mvula itayamba, ataonda, ndevu zili yangayanga. Ana anawathamangira, ndipo Efigénia sanawaletse. Anawayalira mphasa panja, anawapatsa madzi akumwa atagwada, n'kuwafunsa za ulendo ngati mlendo aliyense wochokera kwawo. A Celestino anatuma akuluakulu a mpingo kawiri konse kuti akamunyengerere. Efigénia anawamvetsera onse mpaka kumapeto, kenako anawafotokozera za m'mawa uja, mwatsatanetsatane, kuyambira pamene phula linasomphoka. Ulendo wachiwiriwo mkulu wa mpingo anatenga chipewa chake nkhani isanathe, ndipo sanabwerenso.

Nkhondo itatha, Efigénia sanabwerere ku Fonte Boa. Anapita kwawo ku Lifidzi, kumene mlongo wake Martinho anamudulira munda wa m'mbali mwa phiri, ndipo ana ankapita kukaona bambo awo pa tchuthi cha sikola.