Maluwa a pa diresi la Cristina

Inu, za ukwati wa Cristina ku Fonte Boa mudazimva? Diresi lake adasoka ndi tiya Isabel, ang'ono awo a amayi anga. Adapetapo timaluwa toyera pa nsalu yoyeranso, mpaka zala kutupa.

A Suzana aku Lifidzi, amene mwana wawo akwatiwa akakolola nyemba, ku ukwatiko sadabwere. Adangoti, "Ndione foto kaye, ndikakonda ndibweretsa nsalu." Tiya wanga ntchito imeneyo ankaifunitsitsa, si masewera.

Foto idabwera pa telefone. Mayo ine! Dzuwa la masana lidadya maluwa onse, diresi lili mbee ngati chofunda cha kuchipatala. A Suzana adaiyang'ana, nkuti, "Maluwawo ali kuti, amwali? Kapena adafota? Ndipita kwa telala wa ku Ulongwe." Diresi lenilenilo nkuti litapita kale ku Tete ndi mwini wake.

Ine kukwera njinga, ulendo kwa mano Flávio, msuweni wanga (kuno achimwene timati mano) amene adajambula fotoyo. Anthu amamuseka kuti amasunga mafoto olemera, oti telefone siitsegula, mpaka komputadori yake imachita kubuula.

"Mano, mwawaphera tiya ntchito," ndidatero.

"Iwe Lokwaza, khala pansi, upume. Imene mudalandirayo ndi yophika kale, yopepuka, yoti iyende pa telefone. Yaiwisi, mmene idatulukira m'makina, ndili nayo."

"Nanga osafufuta bwanji, poti mudatumiza kale?"

"Nyemba ukaphika thumba lonse, mawa ungaziphikenso mwa mtundu wina?"

Adatsegula yaiwisiyo, nkuyamba kuchepetsa kuwala pang'onopang'ono. Nkhope ya Cristina idada kaye, ine kuseka. Kenaka pachifuwa kadatuluka kaduwa, kena paphewa, ena mpaka kumapazi, ngakhale kamene tiya adapeta kokhota. Adakonzanso nkhope ija, nkuphika foto ina yopepuka.

"Ndikadangosunga yoyamba ija, apa sipakadatuluka kanthu," adatero, akudzimva.

Ndidafika kwa a Suzana thukuta lili kamukamu. Adakulitsa fotoyo ndi zala, nkuyang'anitsitsa duwa lililonse.

"Kamodzi aka nkokhota," adatero.

Loweruka adabwera ndi nsalu kwathu. Adauza tiya kuti maluwa akhale omwewo, adauzanso mano Flávio kuti mafoto a ukwati wa mwana wawo adzasunge aawisi onse. Panopa tiya akupeta pakhonde, ine ndikuwalowetsera ulusi m'singano.