Windo Lakumbuyo

"Ukakwera basiyo, dzina lako silidzatulukanso pakamwa panga, ngakhale m'zala zangazi."

Bambo ananena zimenezi zaka makumi awiri ndi ziwiri zapitazo, ataima pakhomo pa shopu yawo yotayipira anthu makalata. Mwana wawo wamkazi wamng'ono anawayang'ana, nakwera basiyo. Bambowo anali munthu wosabweza mawu. Pamaliro awo, aliyense amene anaimirira kuyankhula anawatamanda pa chimenecho.

Tsopano, patatha masiku atatu chiwaikireni m'manda, mwana uja anali pampando wawo m'shopumo. Abale ankamutcha Mlendo. Anayambitsa dzinalo ndi mkulu wake, amene anatsala pakhomo nadwazika bambowo zaka zinayi.

"Alendo athu, paja kwanuko makompyuta mumachita kumwera tiyi," anatero mkuluyo, akupukuta tebulo lomwe linali loyera kale. "Tikonzereniko ichi. Ukachiyatsa, pulogalamu ya maimelo imatsegula mawindo awiri. Lolemba nditsegula shopu, sindikufuna kumalimbana ndi mizukwa."

Mlendo anayang'ana uku ndi uku. Iye ankakumbukira chipinda chachikulu chonunkhira inki, anthu atandanda pabenchi zipewa zili m'manja, bambo akuwakonzera madandaulo awo kuti amveke ngati a anthu ophunzira. Lero theka la chipindacho analidula ndi mapulanga n'kubwereketsa kwa wogulitsa matchaja a mafoni. Benchi kunalibe. M'mabuku onse amene anawerenga kunjako, munthu wobwerera kwawo ankapeza chinachake chikumudikira: galu, mtengo, ngakhale mdani. Iye anapeza mapulanga.

Anayatsa kompyutayo. Inabuula ngati nkhalamba yodzuka pamphasa, kenako windo linatseguka, ndipo lina linabwera pamwamba pake n'kuliphimba, kungosiya kam'mphepete.

"Mwaona?" anatero alamu ake, mwamuna wa mkuluyo, atatsamira chitseko. "Madala sankalola munthu kuchikhudza. Ndinabweretsapo wokonza, anamuthamangitsa ndi ndodo mpaka pamsewu. Mwina ankasungamo amayi ena."

"Akanakhalapo amayi ena bwenzi atabwera kudzandithandiza kuchapa zofunda," anayankha mkazi wake.

Mlendo anayamba ndi mndandanda wa mapulogalamu amene amadzuka okha kompyuta ikayaka. Ya maimelo inalimo kamodzi kokha. Anafufuza ngati wina anaiikamo kawiri mosadziwa, ayi. Zala zake zinkayenda pa mabatani amene zilembo zake zinafufutika ndi zala za bambo.

"Ananditchulako?" anafunsa, maso ali pa sikirini.

"Ndani?"

"Musandivutitse, achemwali."

"Ayi. Kuchipatala anatchula aliyense. Anatchula amayi, anatchula woperekera makalata, anatchula ndi galu uja tinamukwirira kuseri. Nesi atawafunsa kuti ali ndi ana angati, anakweza chala chimodzi."

"Ndiye mwapata," anatero Mlendo. "Zaka zinayi mukutaya mabeseni, mphoto yake chala chimodzi."

Alamu anaseka, kenako anaona nkhope ya mkazi wawo n'kutuluka panja.

Mkuluyo anapinda kansanza kaja kanayi. "Inu munawalembera kangati?"

"Anayamba ndi iwo."

"Ndafunsa kuti kangati."

"Munthu sungalembere khoma."

"Ee, ndinu mwana wawo ndithu. Konzani, dzuwa likupita."

Vutolo analipeza posakhalitsa. Pulogalamuyo inali ndi kafayilo kokumbukira mmene munthu waisiyira: mawindo angati, ali pati, akuonetsa chiyani. Tsiku lina kalekale bambo anatsegula windo lachiwiri, ndipo sanalitsekenso. Madzulo ankangozimitsa pakhoma, m'mawa zonse n'kubwerera mmene zinalili.

"Sichinawonongeke," anatero Mlendo. "Chikungokumbukira. Ndikafufuta kafayiloka, chiyamba ngati chatsopano. Makalata a makasitomala sakhudzidwa."

"Ndipo chikaiwala, chaiwaliratu?"

"Chaiwaliratu."

"Fufutani."

Anafufuta. Kompyuta inafunsa ngati akutsimikiza, iye anavomera mosaganiza kawiri. Zinamukomera kuchotsa kanthu ka bambowo ndi chala chimodzi.

"Basi. Tizimitse, tiyatsenso."

"Dikirani." Mkuluyo anabwera n'kuima kumbuyo kwa mpando, pafupi kwambiri moti Mlendo anamva fungo la sopo wa kuchipatala limene linali lisanachoke m'zovala zake. "Inu owerenga mabuku, mwati mawindowa ndi ofanana?"

"Pulogalamu ndi imodzi."

"Sunthani lapamwambalo."

Mlendo analikokera pambali. Lakumbuyo linali loyera, lopanda kalata ngakhale imodzi. Pamwamba, m'kabokosi kofufuzira makalata, munali mawu. Pansi pake pulogalamuyo inali itayankha kuti palibe kalata yapezeka.

"M'mawa uliwonse," anatero mkuluyo, mawu ake ali phee ngati akuwerenga mndandanda wa mankhwala, "asanamwe tiyi, asanatsegulire kasitomala. Ankavala magalasi, n'kusuntha lapamwambalo monga mwachitiramu, n'kudina kamodzi. Ankadikira. Kenako ankalibwezera bwinobwino, m'mphepete mofanana, kuti ine ndisaone. Ine amene ndinkawasambitsa."

"Bwanji simunandiuze? Nambala yanga munali nayo."

"Ndikuuzeni kuti chiyani? Kuti mubwere ndi sutikesi ya matayala, akuphereni nkhuku, ine ndikutaya mabeseni?"

"Ndikanalemba mzere umodzi wokha."

"Adiresi yawo ya imelo sinasinthe. Munawatsegulira ndinu musanapite."

Mlendo anatambasula dzanja kufuna foni yake m'chikwama, kuti mwina ajambule. Zipi inakana. Mkuluyo anawerama modekha, monga ankachitira bambo madzulo aliwonse, nazimitsa pakhoma. Sikirini inada, ndipo munaoneka nkhope ziwiri zofanana mphuno.

Anayatsanso. Kompyuta inabuula, inaganiza, kenako inatsegula windo limodzi lodzaza makalata a anthu ofuna ntchito.

"Mwakonza bwino," anatero mkuluyo. "Sanakuphunzitseni pachabe kunjako. Basi yanu ndi ya mawa, eti?"

Anatenga kansanza kake n'kutuluka. Kuseri kwa mapulanga wogulitsa matchaja ankatsutsana ndi kasitomala.

Mlendo anakhalabe pampandopo, manja ali pamaondo. Kabokosi kofufuzira kanali mbee. M'kabokosi ka windo lakumbuyo lija munali dzina lake lonse, m'zilembo zikuluzikulu, monga bambo ankalembera mayina a anthu pamwamba pa makalata ofunika. Analitayipa okha, ndi zala zawo.